Mafunso ndi mayankho: maphunziro a ntchito zamanja ku Saudi Arabia

Saudi Arabia ili ndi ndalama zomangira sukulu iliyonse yomwe ingafune, ndipo yamanga zambiri. Komabe mpaka lero, munthu amene amawotcherera zitsulo, kukonza makina oziziritsa m'nyumba kapena kulumikiza mapaipi m'mizinda ya Riyadh, Jeddah ndi Dammam nthawi zambiri amakhala mlendo. Mafunso ali m'munsiwa akuzungulira pa nkhani imeneyi.

Dziko lolemera chonchi likuvutikiranji ndi kuphunzitsa amisiri? Silingangolemba ganyu anthu akunja?

Ndi zimene lakhala likuchita kwa zaka zoposa 50, ndipo zafika pothina. Kalembera wa 2022 adapeza anthu 32.2 miliyoni m'dzikomo. Mwa amenewa mbadwa zidali 18.8 miliyoni, alendo 13.4 miliyoni. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti mwa mbadwa 100 zilizonse, 63 zidali zisanafike zaka 30. Chaka ndi chaka achinyamata ochuluka amamaliza sukulu n'kuyamba kusaka ntchito.

Kale ambiri a iwo ankalowa m'boma: m'maunduna, m'sukulu, kupolisi, kuusilikali. Malipiro awo ankachokera ku mafuta. Koma mtengo wa mafuta sukhazikika. Pakati pa 2014 mgolo umodzi unkagulidwa ndalama zoposa madola 100, ndipo pofika Januwale 2016 udatsika kufika pansi pa madola 30. Boma lidaona kuti silingapitirize kulemba aliyense wotuluka m'sukulu. Komanso ntchito yokumba ndi kuyenga mafuta, ngakhale imabweretsa chuma chadzaoneni, imadalira kwambiri makina ndipo silemba anthu ambiri. Ntchito zenizeni zili m'makampani omwe si aboma, ndipo kumeneko alendo ndiwo achuluka, pafupifupi anayi mwa asanu alionse. Ndondomeko ya boma yochepetsa kudalira mafuta ya Vision 2030, yomwe idalengezedwa mu Epulo 2016, idabadwa m'nyengo imeneyi.

Zidayamba bwanji kuti ntchito zamanja zigwere m'manja mwa alendo?

Mafuta adapezeka mu Malichi 1938 pa chitsime chachisanu ndi chiwiri cha ku Dammam, koma chisefukiro cha ndalama chidadza mu 1973 ndi 1974, pamene mtengo wa mafuta udakwera pafupifupi kanayi. Boma lidafuna misewu, zipatala, madoko ndi mabwalo a ndege nthawi imodzi. Mu 1975 lidakhazikitsa bungwe lomanga mizinda ya mafakitale ya Jubail ndi Yanbu, ndipo mu 1976 kudabadwa kampani ya SABIC yopanga mankhwala ndi mapulasitiki kuchokera ku gasi ndi mafuta. Kuphunzitsa mmisiri kumatenga zaka, koma kuitanitsa mmisiri wodziwa kale kumatenga masabata. Choncho kudabwera anthu ochokera ku Yemen, Egypt, Pakistan, India, South Korea, Philippines, ndipo kenako Bangladesh ndi Nepal.

Poyamba zinkaoneka ngati za kanthawi. Koma mabizinesi adazolowera wantchito wolandira zochepa, wogona m'kampu, wogwira maola ambiri, amene sangasiye ntchito popanda chilolezo cha bwana wake. Malipiro a ntchito zamanja adakhazikika pa mlingo wa munthu wotumiza ndalama kumudzi ku Kerala (India) kapena ku Sylhet (Bangladesh), osati wa munthu wofuna kukwatira, kuchita lendi ndi kulera ana mu Riyadh. Apa ndi pamene pali muzu wa vuto lonse, ndipo sukulu payokha singawuzule.

Kodi n'zoona kuti anthu a kumeneko amanyoza ntchito zamanja?

Kunyozako kulipo, ndipo kudayamba mafuta asanapezeke. M'mafuko ena a m'chipululu ntchito monga kusula zitsulo, kupha nyama yogulitsa ndi kufufuta zikopa zinkaonedwa ngati za anthu apansi, moti zinkatha kulepheretsa ukwati. Makolo ambiri mpaka pano amafuna digiri ya kuyunivesite, ndipo koleji ya zaluso imakhala kolowera mwana amene malikisi ake sadakwane.

Koma ine sindikhulupirira kuti mwambo ndiwo ukufotokoza zonse, ndipo ndimakhumudwa ndikamva anthu akutsekera nkhaniyi pa mawu oti "ndi aulesi". Mbadwa za dziko lomweli zakhala zikugwira ntchito m'zitsime za mafuta, m'mafakitale oyenga ndi m'malo opangira magetsi kwa mibadwo itatu, zitavala ovolosi ndi chipewa cholimba, padzuwa lofika madigiri 45. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko malipiro ndi abwino, ntchito ndi yokhazikika, ndipo munthu amaona makwerero ake. Mnyamata amene akukana kukhala makaniko m'galaja ya m'mbali mwa msewu, yolipira zochepa ndi kugwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi yemweyo amene akulimbirana malo ku Aramco, kampani yaikulu ya mafuta ya dzikolo. Wawerengera, ndipo masamu ake sadalakwe.

Ndani amayendetsa maphunzirowa?

Bungwe lalikulu ndi la boma, lotchedwa Technical and Vocational Training Corporation, kapena TVTC mwachidule. Lidakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuphatikiza sukulu zomwe zidali zomwazikana m'maunduna osiyanasiyana, ndipo dzina lomwe lili nalo pano lidalitenga mu 2007. Lili ndi sukulu za sekondale za zaluso zolandira ana omwe amaliza makalasi apakati, ndi makoleji olandira omwe amaliza sekondale. M'makolejimo dipuloma imatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ena amapereka digiri. Amaphunzitsa zamagetsi, zamakina, zokonza galimoto, zoziziritsa, zamakompyuta, zomangamanga, zowerengera ndalama, zamahotela ndi zina. TVTC ndiyonso imapereka ziphaso kwa anthu ofuna kutsegula sukulu zawozawo zophunzitsa ntchito.

Pambali pake pali makoleji a mafakitale a ku Jubail ndi Yanbu, omwe ali pansi pa bungwe loyendetsa mizindayo, ndi malo ophunzitsira a makampani akuluakulu. Palinso thumba la boma lotchedwa Hadaf, lomwe lidayamba mu 2000, lothandiza kulipira maphunziro ndi gawo la malipiro a mbadwa zomwe zangolembedwa kumene ntchito m'makampani.

Nanga fizi?

M'makoleji a boma mbadwa sizilipira, ndipo ophunzira masana amalandira kandalama ka mwezi ndi mwezi. Zimenezi zimatsegulira khomo ana a m'mabanja osauka, koma zimakopanso ena omwe akungodikira kuti mwayi wa kuusilikali kapena wa m'boma upezeke.

Ndi sukulu ziti zomwe zikutulutsa amisiri amene amakhalitsadi pa ntchito?

Zomwe zidamangidwa pamodzi ndi makampani, momwe wophunzira amasaina mgwirizano ndi womulemba ntchito asanayambe kapena atangoyamba kalasi. Ku Jeddah kuli Saudi Japanese Automobile High Institute, yomwe idatsegulidwa mu 2002 mothandizidwa ndi boma la Japan, makampani opanga galimoto a kumeneko ndi ogulitsa galimotozo mu Saudi Arabia. Mnyamata amaphunzira zaka ziwiri pa mainjini enieni a galimoto zomwe zikuyenda mumsewu, akudziwa galaja yomwe idzamulandire. Ku Dammam kudatsegulidwa Saudi Petroleum Services Polytechnic yophunzitsa ogwira ntchito m'makampani otumikira zitsime za mafuta. Ku Arar, kumpoto, kuli sukulu ya zamigodi yogwirizana ndi kampani ya Ma'aden. Ku Al Kharj kuli ya zamkaka ndi zakudya yogwirizana ndi kampani ya Almarai, ku Riyadh kuli ya zamapulasitiki, ndipo ku Qassim kuli ya zanjanji.

Chinsinsi chake si nyumba zokongola, pakuti makoleji a boma nawonso ali nazo. Kampani ikaika ndalama zake pa wophunzira, imasamala zomwe akuphunzira. Imauza aphunzitsi kuti makina awa tidasiya kugwiritsa ntchito, imatumiza mafolomani ake kudzaona, imafunsa chifukwa chake mwana wajomba. Wophunzira nayenso sangatayirire, chifukwa kujomba kalasi ndi kujomba ku ntchito, ndipo amamudula ndalama. Amazolowera kufika nthawi yake, kuvala nsapato zoteteza, kulemba lipoti la zomwe wakonza. Olemba ntchito akamadandaula za omaliza makoleji a boma, zinthu zimenezi ndi zomwe amatchula kawirikawiri, kuposa kusadziwa kugwira sipanala.

Vuto lake n'lakuti njira imeneyi imatheka ndi makampani akuluakulu okha. Kampani ya anthu khumi yokonza mafiriji ilibe ndalama yolipira wophunzira kwa zaka ziwiri, ndipo makampani ang'onoang'ono oterewa ndiwo ochuluka kwambiri.

Njira imeneyi adaitengera kunja?

Mbali ina inde, koma Aramco idaiyamba kalekale pakhomo pomwepo. M'zaka za m'ma 1940 kampaniyi, ili m'manja mwa Amereka, idatsegula kasukulu ku Dhahran kophunzitsa anyamata Chingerezi ndi masamu akamaliza kapena asanayambe ntchito. Ali al-Naimi, amene adakulira m'banja loweta ziweto m'chipululu, adalowa kampaniyi mu 1947 ali ndi zaka pafupifupi 12 ngati mesenjala wa muofesi. Kampani idamuphunzitsa, kenako idamutumiza ku mayunivesite a Lehigh ndi Stanford ku Amereka kukaphunzira za miyala ya pansi. Mu 1984 adakhala mbadwa yoyamba kukhala pulezidenti wa Aramco, ndipo kuyambira 1995 mpaka 2016 adali nduna ya zamafuta.

Tisaiwale kuti nthawi imeneyo mbadwa zinkagona m'misasa yopanda ulemu pamene Amereka ankakhala m'mudzi wawo wotchingidwa ndi mpanda, ndipo mu 1953 ndi 1956 ogwira ntchito adanyanyala, boma n'kuwathira dzanja mwankhanza. Maphunziro ndi nyumba zabwino zomwe zidabwera pambuyo pake sizidali mphatso chabe. Lero Aramco ikadali ndi pulogalamu yotenga omaliza sekondale n'kuwaphunzitsa Chingerezi, masamu ndi luso la m'fakitale, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito ake ndi mbadwa.

Tidamva kuti boma lidaitana makoleji akunja kudzayendetsa sukulu. Zidatha bwanji?

Mu 2013 lidayambitsa Colleges of Excellence. Boma linkamanga koleji, kenako n'kupereka kontrakiti kwa koleji kapena kampani yakunja kuti iyendetse, kuphunzitsa m'Chingerezi. Adabwera a ku Britain monga Lincoln College, a ku Canada monga Niagara College ndi Algonquin College, ndi ena. Gawo la malipiro awo linkadalira kuchuluka kwa ophunzira obwera m'kalasi ndi okhoza.

Ena adapitiriza, ena adaluza ndalama n'kuchoka. Algonquin, yomwe inkayendetsa koleji ya amuna okhaokha ku Jazan, idalengeza mu 2016 kuti ikuchoka, itataya ndalama komanso itadzudzulidwa kwawo ku Ontario chifukwa chosalandira akazi. Ambiri adapeza kuti ophunzira akubwera ndi Chingerezi ndi masamu ochepa kuposa momwe ankayembekezera, moti chaka chokonzekera sichinkakwanira. Makoleji ena adamangidwa m'matauni akutali komwe kulibe fakitale yoti wophunzira akayesereko ntchito. Kumeneko kudali kumanga khola ng'ombe zisanagulidwe.

Amaphunzira m'chilankhulo chanji?

Makoleji ambiri a boma amaphunzitsa m'Chiarabu. Koma mabuku a makina ndi malamulo a chitetezo m'mafakitale akuluakulu amakhala m'Chingerezi, ndipo folomani akhoza kukhala wa ku Philippines kapena ku India. N'chifukwa chake sukulu zogwirizana ndi makampani zimathera miyezi yambiri yoyambirira pa Chingerezi chokha.

Nitaqat ndi chiyani, ndipo ikukhudzana bwanji ndi maphunziro?

Ndi lamulo la 2011 lokakamiza makampani kulemba mbadwa. Kampani iliyonse imapatsidwa mtundu malinga ndi kuchuluka kwa mbadwa zomwe yalemba poyerekeza ndi anzake a ntchito yofanana. Ya pamwamba imapeza mosavuta zilolezo zobweretsera alendo, pamene yofiira, yomwe ndi ya pansi, imakanizidwa zilolezo zatsopano ndi kuwonjezera zakale. Kuyambira 2021, kuti mbadwa iwerengedwe ngati munthu wathunthu m'kawerengedweka, iyenera kulandira mariyali osachepera 4,000 pa mwezi, omwe ndi madola 1,000 ndi zapamwamba pang'ono. Boma lidaikanso msonkho wa mwezi ndi mwezi pa mlendo aliyense wolembedwa ntchito, womwe udakwera mpaka mariyali 700 kapena 800 mu 2020, n'cholinga choti mlendo asakhalenso wotchipa kwambiri.

Lamuloli lidatsegula makomo, palibe angakane. Koma lidabalanso chinyengo: kampani imalemba dzina la mbadwa, kumupatsa kandalama, iye ali gone kunyumba, ntchito ikugwiridwa ndi mlendo yemwe uja. Boma limalanga mchitidwewu, koma kuugwira n'kovuta. Ngakhale komwe kulibe chinyengo, makampani ambiri amakwaniritsa chiwerengero poika mbadwa pa kauntala, pa geti kapena muofesi, osati pa makina. Chiwerengero chimakwana, luso osasamuka.

Pali chitsanzo cha ntchito yomwe idaperekedwa yonse kwa mbadwa?

Masitolo ogulitsa ndi kukonza mafoni. Mu 2016 boma lidalamula kuti pofika Seputembala chaka chomwecho, onse ogwira ntchitoyi akhale mbadwa. TVTC idakonza maphunziro aafupi aulere a kukonza mafoni ndi kugulitsa, ndipo anyamata ndi atsikana masauzande adalembetsa. Ena adatsegula masitolo awo ndipo akuchita bwino. Masitolo ena adatsekedwa, ndipo m'malo ena mbadwa inkalandira foni kutsogolo, yokonza ili m'chipinda chobisika kapena m'nyumba yapafupi. Kugulitsa foni munthu angaphunzire pa masabata angapo, koma kupeza kachipangizo komwe kapsa pa bolodi kumafuna zaka za kukhala pambali pa munthu wodziwa. Lamulo lidachotsa anthu omwe akadaphunzitsa ena. Chikhala kuti alendo aja adapatsidwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi malipiro ophunzitsira wachinyamata mmodzimmodzi, zotsatira zikadakhala zina.

Nanga amayi ndi atsikana?

Apa ndi pomwe zinthu zasintha mofulumira kuposa pena paliponse. Mu 2017, mwa amayi 100 a msinkhu wogwira ntchito, pafupifupi 17 okha ndiwo ankagwira kapena kufunafuna ntchito. Vision 2030 idafuna kuti afike 30 pofika 2030, koma adadutsa pamenepo kale kwambiri, ndipo tsopano ali pafupifupi 35. Mu Juni 2018 amayi adaloledwa kuyendetsa galimoto, zomwe zidachotsa mtengo wolipira dalaivala womwe unkadya gawo lalikulu la malipiro. Mu 2019 malamulo a ntchito adaletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi. Thumba la Hadaf lili ndi pulogalamu ya Wusool yothandiza pa mayendedwe ndi ya Qurrah yothandiza pa kosiya ana.

Makoleji a zaluso a atsikana, omwe amaphunzira padera ndi anyamata, poyamba ankangophunzitsa zosoka, zokongoletsa, zamakompyuta ndi zamuofesi. Pang'onopang'ono zamagetsi ndi zamafakitale zayamba kulowa. Mu 2022 kampani ya ku Spain ya Renfe, yomwe imayendetsa sitima yothamanga ya Haramain pakati pa Makkah ndi Madinah, idalengeza malo 30 a amayi oyendetsa sitima. Ofunsira adafika 28,000. Chiwerengero chimenecho ndimachiona mbali ziwiri. Chikuonetsa njala ya ntchito yaluso yomwe atsikana ali nayo, ndipo chikuonetsanso kuchepa kwa malo otero. Ambiri mwa amayi omwe alowa ntchito m'zaka zimenezi ali m'masitolo, m'malo odyera ndi m'maofesi, pa malipiro otsikirapo kuposa a amuna. Lamulo la banja la 2022 likadapatsabe abambo kapena achimwene mphamvu pa nkhani ya ukwati wa mkazi.

Amisiri akunja omwe ali kale kumeneko, iwo amaphunzitsidwa?

Makoleji a boma ndi a mbadwa. Mlendo amayembekezeredwa kubwera ndi luso lake. Kuyambira 2021 boma lidayamba kuyesa mayeso amisiri akunja monga amagetsi, mapulambala ndi owotcherera, ndipo m'mayiko monga Pakistan, India ndi Bangladesh mayesowo amalembedwa munthu asananyamuke. Cholinga chake n'chomveka, chifukwa ambiri ankalowa ndi chitupa cholembedwa ntchito yomwe sakuidziwa.

Chaka chomwecho, mu Malichi, malamulo omangirira mlendo kwa bwana mmodzi adafewetsedwa, moti wogwira m'kampani akhoza kusintha ntchito pakatha chaka ndi kutuluka m'dzikomo popanda siginecha ya bwana. Antchito a m'nyumba, madalaivala a pabanja ndi abusa a ziweto sadaphatikizidwe pa kusinthaku. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu akupitiriza kunena za malipiro ochedwa, mapasipoti olandidwa ndi imfa za anthu ogwira padzuwa, ngakhale pali lamulo loletsa ntchito yapanja kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko masana pakati pa 15 Juni ndi 15 Seputembala. Nkhani imeneyi siili padera ndi ya maphunziro. Malinga ngati mlendo angathe kufinyidwa, bwana adzamusankha iyeyo kusiya mbadwa ya dipuloma. Kuteteza mlendo ndi njira imodzi yotsegulira ntchito mwana wa m'dzikomo, kuwonjezera pa chifukwa chachikulu choti mlendoyo ndi munthu.

Mmalawi kapena Mzambia angapite kukaphunzira ntchito zamanja kumeneko?

Musadalire zimenezo. Mwayi wa maphunziro aulere omwe anthu a kwathu amapeza ku Saudi Arabia ndi wa m'mayunivesite monga Islamic University of Madinah, osati wa makoleji a TVTC. Munthu akakuuzani kuti mupereke ndalama ndipo mukaphunzira luso mukugwira ntchito, chenjerani. Amayi a ku Malawi omwe adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka atsekeredwa m'nyumba za anthu ndi umboni wa komwe malonjezo otere amathera m'chigawochi. Ngati ndinu mmisiri wofuna kukagwira ntchito, tengani satifiketi yanu kuno, fufuzani ku unduna wa zantchito ngati amene akukutumizaniyo ndi wovomerezeka, ndipo onetsetsani kuti ntchito yolembedwa pa chitupa ndi yomwe ili pa kontrakiti.

Ulova watsika. Ndiye kuti maphunzirowa akwaniritsa cholinga chake?

Watsikadi. Mu 2018 udali pafupifupi anthu 13 pa 100 alionse pakati pa mbadwa, udakwera kupitirira 15 m'nyengo ya Covid-19 mu 2020, ndipo kumapeto kwa 2024 udafika pa 7, chiwerengero chomwe boma linkayembekezera mu 2030. Mbadwa zogwira m'makampani zidapitirira 2 miliyoni. Koma zinthu zambiri zachitika nthawi imodzi: kukakamiza kwa Nitaqat, kulowa kwa amayi, ndalama zaboma zothiridwa m'zomangamanga, zokopa alendo ndi zamasewera. Sitingapereke ulemu wonse ku makoleji.

Funso lomwe ine ndingafunse ndi lina: pa sitima ya mumzinda wa Riyadh yomwe idayamba kuyenda mu Disembala 2024, pa fakitale yolumikiza galimoto zamagetsi za Lucid ku King Abdullah Economic City, pa mabwalo a mpira omwe akumangidwira World Cup ya 2034, ndani akukonza makina akaonongeka, ndipo ndani akuphunzitsa womutsatira? Ntchito zambiri zatsopanozi zikulipiridwabe ndi ndalama za mafuta kudzera m'thumba la boma la Public Investment Fund, ndipo zina, monga mbali za mzinda wa NEOM, zayamba kale kuchepetsedwa ndalama zitathina. Ntchito yomanga ikaima, wogulitsa matikiti ndi mlonda amabwerera kunyumba. Wowotcherera mapaipi amene ali ndi chiphaso chodziwika ndi zaka zisanu za pa ntchito amangosamukira ku Jubail kapena ku Yanbu, ndipo mbadwa zotere zikadali zochepa.